Oyilo Wakuda wa ku Kapondo

Ana anga, zaka zimene tinakhala pa esiteti ya fodya ku Kapondo inu mumazikumbukira chifukwa cha mango a kuseri kwa nyumba. Ine ndimazikumbukira chifukwa cha oyilo. Nkhaniyi sindinakuuzenipo bwinobwino. Nthawi imene inkachitika munali aang'ono, ndipo pamene munakula ine ndinali nditazolowera kukhala nayo chete. Amayi anu akuti ndiilembe ndisanayambe kusokoneza maina a anthu. Ndilemba mmene zinayendera, osawonjezera.

1994

Ndinafika ku Kapondo chisankho cha matipate chitangochitika. Ndinachokera ku Lilongwe, kumene ndinayambira ntchito nditamaliza Fomu 4, m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani yomwe inali mwini wa esitetiyo. Kumeneko ntchito yanga inali kulandira katundu ndi kumupereka, basi. Ku Kapondo anandipatsa ntchito ziwiri: kusunga katundu, ndiponso kugula chilichonse chimene makina a pa esiteti ankafuna kuti aziyenda. Makinawo anali mathalakitala, lole imodzi, jenereta, chigayo, ndi injini yopopa madzi a ku nazale. Onse anali okalamba. Matenanti, amene ambiri anachokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Dedza, sanavutike n'kuphunzira dzina langa. Anangonditcha a Sitolo, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito.

Bwana wa esiteti anali a Mwale, munthu wamtali, waulemu, wosakonda mkangano. Nkhani ikayamba kutentha ankayang'ana kumwamba ngati akuyesa mvula, kenako n'kulowa mu ofesi. Sanali munthu woipa. Ankangofuna kuti chaka chithe popanda kuitanidwa ku likulu la kampani. Makaniko wamkulu anali a Tembo, wamfupi, wa nthabwala, amene ankadziwa makina aliwonse ndi kulira kwake.

Chaka chimenecho kwacha inagwa. Masipeya ku Lilongwe anakwera mtengo, ena anasoweratu. Ndinayamba kumapita ku boda, nthawi zina n'kuwolokera ku Chipata, kukasaka malamba, mabelingi ndi mafyuluta. Ulendo wina ndinabwera ndi kampope ka madzi konyezimira, kotsika mtengo. A Tembo anakatembenuza uku ndi uku.

"A Sitolo, pomasulira pake ndi pati?"

"Akuti sikamasulidwa. Kakatha mumangogula kena."

"Ndiye mwagula maliro. Kakangodwala, tikaike."

Tinaseka, koma kuyambira tsiku limenelo tinapangana lamulo: sindigula chinthu chimene a Tembo sangachimasule n'kuchikonza. Kuseri kwa galaja kunali mathalakitala akufa, ndipo tinkachotsako zitsulo mpaka kutsala mafupa okhaokha. Sitinkachita zimenezi chifukwa choganizira chilengedwe. Mawu amenewo tinali tisanayambe kuwamva kawirikawiri pa wailesi. Tinkachita chifukwa cha kusowa. Koma ndinazolowera kunyadira kuti pa esiteti yathu palibe chimene chimatayidwa.

1995 mpaka 1998

Ngakhale oyilo wakutha sankatayidwa. Makina akapita ku sevisi, a Tembo ankatsanulira oyilo wakudayo m'migolo kuseri kwa galaja, ndipo ankadikira kumeneko chaka chonse. Mwezi wa Okutobala, anthu akayamba kukonza zigafa zoyanikamo fodya, kunkakhala tsiku la oyilo. Mwambowu ndinaupeza, ndipo palibe ankadziwa amene anauyambitsa. Matenanti ankabwera ndi zigubu, mabotolo ndi zitini, n'kuima pamzere, akapitawo n'kumawatungira. Oyiloyo ankapaka kunsi kwa mizati ya chigafa asanaizike, wina n'kuthira m'dzenje momwemo, kuti chiswe chisadye. Chiswe cha ku Kapondo sichinali chamasewera. Mzati wosapaka chinkaulowa mkati n'kusiya khungwa lokha, munthu n'kumaona ngati mtengo uli bwinobwino.

Wotsala ankamuthira m'zimbudzi kuti muchepe fungo ndi ntchentche. Ena ankapaka nkhumba za mphere, ena matcheni a njinga. Nsenga za pansi pa migolo tinkazikhuthulira mu ngalande ya kuseri kwa galaja. Oyiloyu sanalembedwe pa mgwirizano uliwonse, koma tenanti aliyense ankamuwerengera pamodzi ndi chimanga chimene ankalandira pamwezi. Chinali chake. Ine tsikulo ndinkalikonda. Kunkakhala phokoso ndi nthabwala, ndipo ndinkaona kuti chinthu chakutha chikupulumutsa mitengo, chifukwa mzati wopaka unkakhala zaka zingapo osafuna wina.

Pamzere umenewo ndi pamene ndinadziwirana ndi a Namaona, tenanti wochokera ku Thyolo. Anali munthu wosalankhulalankhula ngati ine, ndipo mwina n'chifukwa chake tinagwirizana. Tinkapemphera mpingo umodzi, tonse tinali akulu a mpingo, ndipo pobwera ku mapemphero tinkayenda limodzi mtunda wonse osalankhula zambiri. Fodya wawo anali wabwino kuposa wa ambiri. Chigafa chawo chinali chachitali, chowongoka, ndipo akapitawo ankatengerako matenanti atsopano kuti akaone mamangidwe. Akazi awo, amene tonse tinkawatchula amake Esinati, anali osiyana nawo kwambiri. Mawu awo ankamveka kuchokera kudambo mpaka ku galaja. Amayi anu atadwala malungo aakulu aja, ndi amake Esinati amene ankakuphikirani ndi kukusambitsani.

1999

Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa kwa milungu ingapo, amake Esinati analowa m'sitolo mwanga atasenza ndowa. Sanaodire. Anaitula pa kauntala, madzi n'kukhavukira pansi.

"Mwadzuka bwanji a Sitolo? Ndakubweretserani madzi akumwa."

"Ndadzuka bwino mayi, kaya inu. Koma madzi ndili nawo."

"Anuwo ndi a pa mjigo wa mabwana. Lawani athuwa."

Ndinasuzumira. Pamwamba pa madziwo panali kuyandama mafuta a mitundumitundu ngati utawaleza. Fungo lake linali la m'galaja.

"Tiyi wa kwathu akumveka thalakitala," anatero. "Abambo ake a Esinati akuti ine sinditsuka mapoto. Ine? Zaka zonsezi? Ana akudandaula m'mimba, mpiru wa kudimba ukupserera m'mphepete. Imwani, mundiuze ngati ndi poto."

A Tembo anali ataima pakhomo. "Mayi, amenewotu ndi madzi amphamvu. Mukamwa muzikoka ngolo nokha."

"Inu a Tembo khalani chete. Ndi mkodzo wa ana anu achitsulo aja umene tikumwawu."

A Tembo anaseka, koma titapita kudambo kuja anasiya kuseka. Nyumba za matenanti zinali kumunsi, pafupi ndi dambo, ndipo chitsime chawo chinali m'mphepete mwake. Mjigo unali ku maofesi, kutali kwambiri kwa munthu wosenza ndowa. Tinatsata ngalande ya ku galaja ndipo tinaona kuti mvula inkaitsukira kudambo komweko. Udzu wa m'mbali mwake unali wakuda. Tsiku lomwelo tinaikwirira, ndipo a Mwale analola kuti tikumbe chitsime china chakumtunda pang'ono. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Sinathe. Dzinja lisanathe chitsime chatsopanocho chinayambanso kuonetsa mafuta. Ndinayenda malo onsewo ndekha, pang'onopang'ono, ndipo ndinaona chimene ndinkachiona chaka chilichonse osachiganizira. Zigafa zonse zinaima pamtunda, pamwamba pa dambo, mizere yambirimbiri, ndipo pansi pa mzati uliwonse dothi linali lakuda. Zimbudzi zinali pomwepo. Zigubu za oyilo anthu ankakazitsukira kudambo. Ngalande ija inali mbali imodzi chabe. Oyilo yense amene ndinagula chifikire ku Kapondo anali adakali pa esiteti pomwepo, m'dothi, akutsika pang'onopang'ono kupita kumene anthu ankatunga. Ndinapempha kuti kampani ikumbe mjigo ku nyumba za matenanti. Ku likulu anayankha kuti chaka chamawa. Chaka chotsatira anayankhanso chimodzimodzi.

2000

Chaka chimenechi kampani inalamula kuti esiteti iliyonse isankhe malo amodzi ogulako oyilo, mafyuluta ndi mabatire, m'malo momagula apa ndi apo. Ine ndinali ndi malo awiri.

Oyamba anali ba Mwanza, wamalonda wa ku Chipata amene ndinkagula kwa iye pa boda kwa zaka zambiri. Oyilo wake anali wabwino. Sanandinamizepo, ndipo nthawi ya kusowa kuja ankandisungira katundu pamene ena ankamulimbirana.

Achiwiri anali kampani ina ya ku Lilongwe. Anatumiza mayi Chirwa, amene anabwera atavala nsapato za m'galaja, n'kupempha kuona makina asanaone ofesi. Iwo ankabweretsa katundu pa esiteti pomwepo, ndipo nyengo iliyonse ankatumiza makaniko wawo kudzayendera makina pamodzi ndi a Tembo, kuti chinthu chikonzedwe chisanafe. Mtengo sunkasiyana kwambiri ndi wa ba Mwanza. Koma anali ndi lamulo limodzi: chakutha chilichonse ankachitenga. Batire latsopano linkatsika m'galimoto yawo lakale likakwera. Mgolo wa oyilo watsopano unkatsika wakuda ukakwera. Anati wakudayo amapita naye kumene amamuyeretsa kuti agwirenso ntchito, wina amakamuwotchera m'ng'anjo za mafakitale.

"Mayi Chirwa," ndinatero, "mungatisiyireko mgolo umodzi pachaka? Ndi wa zigafa za anthu."

"Bambo Mbewe, esiteti iliyonse imene ndimapita imandipempha mgolo umodzi umenewo. Mwandionetsa nokha chitsime chija. Muli chiyani m'menemo? Si mgolo umodzi wa chaka chilichonse?"

Ndinapita kwa a Mwale, n'kuwafotokozera zonse. Ndinati ngati titenge a ku Lilongwe, kampani igule mizati yothira kale mankhwala a chiswe, tigawire matenanti m'malo mwa oyilo. Anaimbira ku likulu, ndipo yankho linali lakuti chigafa ndi cha tenanti, si chipangizo cha kampani. Ndinafunsa a Mwale maganizo awo.

"Wogula ndinu a Mbewe," anatero. "Ine ndingosaina."

A Tembo nawonso sanandithandize. "Injini siidziwa kumene oyilo wachokera, a Sitolo. Ine ndikufuna akhale woyera polowa. Akatuluka, amenewo ndi maliro anu."

Nkhani pa esiteti siibisika. Lamulungu lotsatira, tikuchokera ku mapemphero, a Namaona anandipempha kuti ndidzere kwawo. Tinakhala pakhonde, amake Esinati akusenda mbatata chapafupi.

"Tamva kuti oyilo azipita ku Lilongwe," anatero a Namaona.

"Sindinatsimikize, achimwene."

"Chiswe mwachiuza?"

"Ndapempha mizati ya mankhwala. Akana."

"Ndiye fodya tiziyanika pamutu?"

"Muziyanika pamutu pomwepo," anatero amake Esinati osadzutsa nkhope. "Mwina muziganiza bwino. Inu mumamwa madzi ndatunga ine, ndasefa ine ndi chitenje, ndaphitsa ine, n'kumati palibe vuto."

"Amake Esinati, tikukamba za ntchito."

"Kutunga si ntchito? Tsiku limodzi lokha mutenge ndowa mupite ku mjigo wa mabwana, mubwere mundiuze."

"Tinabwera kuno kudzamwa madzi kapena kudzalima fodya?"

"Wakufa salima fodya."

A Namaona anatembenukira kwa ine. Analankhula motsitsa mawu, monga mwa chizolowezi chawo. "A Sitolo, inu mwezi ukatha mumalandira, kaya mvula yagwa kaya siinagwe. Ine ndimalandira kamodzi pachaka, ndipo zonse zimakhala zitapachikidwa m'chigafa muja. Musanasankhe, mukaime pansi pake muyang'ane m'mwamba."

Ndinakaimadi. Chinali chopanda kanthu nthawi imeneyo, koma ndinamva zimene ankatanthauza. Pobwerera ndinadzera kuchitsime. Ndinapeza amayi akuyengula pamwamba pa madzi ndi mbale, n'kumataya, asanayambe kutunga. Ankachita zimenezi akucheza, ngati ndi mmene madzi amatungidwira kulikonse. Chimene chinandivuta kwambiri n'chimenecho, kuti anali atazolowera.

Ndinaganiza milungu ingapo. Amayi anu anandifunsa kamodzi kokha kuti ndikanatani chikanakhala chitsime chathu. Chimene ndinaona pomaliza ndi ichi: chiswe chili ndi njira zina zochitetezera, ngakhale zovuta, koma madzi akalowa oyilo palibe njira. Ndiponso zigafa zinali ndi eni ake otha kulankhula pamsonkhano, pamene chitsime chinali cha amayi ndi ana, amene pamsonkhano ankakhala kumbuyo. Ndinasankha a ku Lilongwe.

Ndinapita ndekha ku boda kukawauza ba Mwanza.

"Mudala, oyilo wanga anakulakwilani chani?"

"Palibe. Kungoti inu simungatenge wakuda."

"Nizamupeleka kuti wakuda? Ku nyumba kwanga?" Anaseka, n'kundigulira chakumwa choziziritsa kukhosi. "Yendani chabe. Mukavutika, mukudziwa pamene nipezeka."

Okutobala atafika, anthu anabwera ndi zigubu zawo monga mwa nthawi zonse, ngakhale anali atamva. Ndikuganiza kuti ankafuna kuona ngati ndinganene pamaso pawo. A Mwale anali ndi ulendo wa ku boma tsiku limenelo. Ndinaima pakhomo la galaja n'kunena kuti oyilo kulibe, ndipo sadzakhalakonso. Ndinafotokoza za chitsime. Ndinati esiteti ipereka mitengo ya bulugamu ya m'nkhalango yake, ndipo aliyense awaule kunsi kwa mizati pamoto, athire phulusa m'maenje, monga ankachitira makolo.

"Makolowo ankalima fodya wa bale?" anafuula wina kumbuyo.

"A Sitolo agulitsa oyilo wathu!" anatero wina. "Taonani mimba yayamba kutuluka!"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kowawa. Anabalalika zigubu zikugundana. A Namaona ananyamula chigubu chawo n'kubwerera kunyumba. Chaka chimenecho chigafa chawo chinali chitakalamba, chofunika kumanganso chonse. Anachimanga ndi bulugamu, anawaula mzati uliwonse, anathira phulusa. Anachita zonse zimene ndinanena, mosamala kuposa wina aliyense. Ku mapemphero tinkapatsanabe moni, koma pobwerera aliyense ankapeza chomuchedwetsa.

2001

Makina anayenda bwino chaka chimenecho kuposa kale lonse. Makaniko wa ku Lilongwe ndi a Tembo anakangana kaye, kenako anakhala mabwenzi. Jenereta inasiya kufuka. Kuseri kwa galaja kunayamba kumera udzu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tapulumuka.

Mu Febuluwale, fodya atadzaza m'zigafa, kunabwera mvula ya mphepo masana. Itakata ndinamva phokoso la anthu kumtunda kwa dambo. Zigafa zingapo zinali zitapendekeka, koma chimene chinagweratu chinali cha a Namaona, chifukwa ndi chimene chinali chachitali ndi cholemera kwambiri. Denga linaphwanyikira pa fodya, ndipo madzi anali kuyenda pansi pake. Ndinanyamula chidutswa cha mzati. Kunja kunali kwakuda ndi moto uja, koma mkati munali dothi lokhalokha.

Tonse tinalowa m'matopemo kukoka mikangala ya fodya, a Tembo, akapitawo, amayi anu, ngakhale amene anandinyoza aja. Tinapulumutsa fodya wochepa. Wambiri anali atathyoka, atanyowa, ndipo m'masiku otsatira anaola. A Namaona ankagwira ntchito pafupi nane. Titamaliza anapukuta manja pa buluku.

"Ndinawaula, a Sitolo," anatero.

"Ndinaona, achimwene."

"Ndangoti mudziwe kuti ndinawaula."

Akananditukwana zikanandipepukira. Ndinapempha a Mwale kuti kampani iwathandize. Anawapatsa malo m'shedi ya esiteti oyanikamo fodya wotsala m'munda, ndipo thandizo linathera pomwepo. Kenako a Mwale anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"A Mbewe, matenanti akuti chaka chamawa asamukira ku esiteti ina kumene oyilo amaperekabe. Akachoka, ku likulu afunsa ine. Mgwirizano uja ukatha mu Ogasiti, bwererani kwa munthu wanu wa ku boda."

"Nanga chitsime, bwana?"

"Chitsime sichinagwe."

Kunena zoona, ndinali nditayamba kugwirizana nawo. Madzi anali asanasinthe kwenikweni. Mafuta anachepa pang'ono, koma amayi ankayengulabe. Mayi Chirwa anali atandichenjeza kuti dothi limatenga nthawi kuti litsukike, koma mawu amenewo n'ngovuta kuwanena kwa munthu amene fodya wake waola. Kumbali imodzi ndinali ndi chigafa chogwa chimene aliyense anachiona, kumbali inayo chitsime chimene mwina chidzayera.

Malonda a fodya atatha, a Namaona ananena kuti akubwerera ku Thyolo. Zimene anapeza chaka chimenecho sizikanawafikitsa ku nyengo ina. Ndinakonza kuti lole ya esiteti, imene inkapita ku Lilongwe kukatenga katundu, iwatenge mpaka kumeneko. Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzikana nawo. Katundu anali kale panja: mphasa, mapoto, njinga, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo. Ndinaima pafupi ndi a Namaona.

"Achimwene, ndikuganiza zobwezeretsa oyilo uja."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumene kunali chigafa. "Kwa ine mwachedwa. Koma anzangawa muwathandiza."

Amake Esinati anali akumanga mtolo wa zovala. Anausiya, n'kuimirira, manja m'chiuno.

"Mwati chiyani a Sitolo?"

Ndinabwereza.

"Musayerekeze. Ife tikupita kwathu chimanjamanja. Ana asiya sukulu pakati pa chaka. Ndiye inu mubwezeretse oyilo, zonse zikhale ngati kale, ngati palibe chachitika? Ndiye kuti chigafa chathu chagwera chiyani? Chagwa chabe?"

"Mayi, madziwo sanayerebe."

"Mwana amabadwa tsiku lomwelo? Adzayera. Ine sindidzamwako, koma adzayera. Inu pitani mukalimbane ndi mabwana anuwo za mizati, m'malo mobwera kuno ndi nkhope ya pamaliro."

"Amake Esinati, lole ikudikira," anatero a Namaona.

"Idikire. Yadikira zaka zingati ili yakufa m'galaja?"

Anakwera. Amake Esinati anakumbatirana ndi amayi anu, onse akulira. A Namaona anandipatsa dzanja, mwaulemu, monga munthu amapatsira mlendo. Anakhala kumbuyo kwa lole atafungatira njinga yawo, ndipo sanacheuke.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Mwale. Ndinawauza kuti mgwirizano wa ku Lilongwe ndiupitiriza, ndipo pa zogula za chaka chimenecho ndiikapo mizati yothira mankhwala, pamodzi ndi malamba ndi mabelingi. Ndinati chigafa ndi chipangizo monga thalakitala, pakuti fodya wa kampani amadutsa m'menemo, ndipo ngati ku likulu sakuona choncho apeze wogula wina. Sindinali munthu wolankhula motero. A Mwale anandiyang'ana modabwa, kenako anati nkhaniyo ndikainene ndekha ku likulu. Ndinapita. Anandisunga pabenchi pafupifupi tsiku lonse. Chimene chinawatembenuza sichinali chitsime ayi, koma fodya amene anaola uja, poti nayenso anali phindu lawo. Analola mizati ya theka la zigafa, theka linalo chaka chotsatira. Matenanti ena anachokadi, koma ambiri anakhala.

Mwina mudzafunsa ngati ndinachita bwino. Nthawi ikanabwerera m'mbuyo, ndikanasankhanso chimodzimodzi. Koma musadzalole wina kukuuzani kuti chinthu chabwino chimabwera chaulere. Wina amalipira, ndipo kawirikawiri si amene anasankha. Mizati imene ndinaipempha n'kukanizidwa inabwera chifukwa chigafa cha munthu chinagwa.

A Namaona sitinaonanenso. Ndinafunsapo kwa anthu a kwawo amene ankabwera kudzafuna malo, ndipo wina anandiuza kuti anayamba kulima nandolo ndi chinangwa, ndipo ali moyo. Chitsime chija chinatenga madzinja angapo. Mafuta ankachepa chaka ndi chaka, mpaka amayi anasiya kuyengula, ndipo palibe amene angatchule tsiku limene anasiya. Pamene ndinkapuma ntchito, mabanja ambiri a kumunsi kuja anali atsopano. Ankatunga, kumwa, n'kuthirira mpiru wawo. Ndinayesapo kuwauza za a Namaona ndi akazi awo. Anamvetsera mwaulemu, koma dzinalo sankalidziwa.